Mimba ya Lusungu ndi mankhwala ake

Amayi anga,

Kumene muliko mukukhala bwanji? Abambo munawapeza? Muwapatse moni wanga. Kuno tilipo, koma ndikati tili bwino ndikhala ndakunamizani, ndipo inu bodza langa munkaligwira ndisanamalize n'kulinena komwe.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Chichokereni inu takolola kawiri. Chaka choyamba chimanga chinachita bwino kumunda wa kudambo uja. Chaka chino mvula inadula ngaiyaye zitangotuluka, moti nkhokwe yalekeza pakati. Fodya tinasiya, chifukwa kumudzi kulibe wotsala woti n'kumasamala chigafa. M'nyumba mwanu mukukhala mwana wa amalume ndi mkazi wake, ndipo denga la kukhitchini analifolera bwino. Mwana wanga Wezi wasankhidwa kupita ku sekondale. Watalika kundiposa, nsapato za bambo ake zikumukwana. Ine ndidakali namwino kuchipatala kuno ku Mzimba, m'chipinda chomwe chija cha odwala maganizo chimene munkati anachibisa kuseri ngati chimbudzi.

Koma chimene ndakhalira pansi ndi nkhani ya Lusungu, mng'ono wanga, mwana wanu wotsiriza. Lusungu ali ndi mwana, Amayi. Wamkazi. Ndikudziwa kuti mukanakhalapo mukanalulutira kaye, kenako n'kundiyang'ana m'maso, chifukwa ine ndi inu tinkadziwa kuti mimba kwa Lusungu si nkhani ya nthungululu zokha.

Mukukumbuka mmene matenda ake anayambira ali ku sekondale. Masiku osagona, kuyankhula kosapumira, kugawa zovala zake kwa anthu osawadziwa pamsika wa Jenda, kunena kuti Mulungu wamutuma kukamanga sukulu. Izo zikatha pankabwera miyezi yongogona chafufumimba, osadya, osasamba. Tinayesa mankhwala angapo mpaka adokotala anamuika pa valiprowete, mapiritsi aja munkasunga m'chitini cha tiyi, ndipo mwana wathu anabwerera. Tsiku lina munandifunsa tikusenda nyemba kuti, "Iwe wa sukulu, tandiuza m'Chichewa, mankhwalawa akukachita chiyani m'mutu mwa mwana wanga?" Ndinakuuzani kuti ubongo ndi timinyewa tambirimbiri totumizirana mauthenga, ndipo mwa Lusungu nthawi zina mauthengawo amathamanga onse pamodzi popanda wowaimitsa. Mankhwalawo amathandiza kuimitsako. Munaseka n'kunena kuti, "Ndiye mwana wanga si wamisala, ndi njinga yoduka buleki pamtsetse." Mawu amenewa ndimawauza achibale a odwala mpaka lero, ndipo amamva msanga kuposa zimene ndinaphunzira m'mabuku.

Ndinakuuzaninso china tsiku lomwelo, chimene simunaseke. Mankhwala amenewa sagwirizana ndi mimba. Amatha kulepheretsa msana wa mwana kutsekeka, ndipo msanawo umatsekeka mwezi woyambirira, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Amathanso kukhudza ubongo wa mwanayo, n'kudzachedwa kuyankhula kapena kuvutika ndi sukulu. N'chifukwa chake Vitumbiko, mnyamata wocheka matabwa ku Luwawa uja, atabwera kudzafunsira, munamukhazika pansi n'kumuuza zonse osabisa. Tinagwirizana kuti tsiku limene adzafune mwana adzayambe abwera kwa ine kuti tisinthe mankhwala pang'onopang'ono. Ndipo ndinu munkakumbukira tsiku la jakisoni wolera, n'kumuperekeza nokha ngakhale anali atakwatiwa kale.

Mutapita, tsikulo linasowa wolikumbukira. Kumudzi kwa mwamuna wake anthu anayamba kunong'ona kuti ng'ombe za lobola zinapita pachabe. Lusungu ankazimva akamatunga madzi. Anasiya jakisoni osauza munthu, ngakhale mwamuna wake, poopa kuti ine ndimuletsa.

Anabwera tsiku la kiliniki, n'kukhala kumapeto kwa benchi mpaka odwala onse atatha. Atalowa anatseka chitseko yekha, akumwetulira.

"Achemwali, ndadumpha miyezi iwiri," anatero.

"Nanga mapiritsi ukumwabe?" ndinamufunsa.

"Tsiku lililonse, monga amayi anandiphunzitsira. Sindinaphonyepo."

Ananena monyadira, Amayi, ngati mwana wobweretsa kunyumba pepala loti wakhoza. Mwezi woopsa uja unali utadutsa kale, ndipo chimene chikanachitika pamsana wa mwanayo chinali chitachitika kapena sichinachitike, popanda chimene ine ndikanasintha. Ndinamukumbatira kuti asaone nkhope yanga.

M'bale wako sumuchiza wekha, ndiye ndinaitana adokotala a matenda a maganizo amene timagwira nawo ntchito. Kusiya mapiritsiwo nthawi imodzi kunali kosatheka, chifukwa ubongo umene wazolowera buleki ukaichotsa mwadzidzidzi umathamanga kuposa kale, ndipo mayi woyembekezera akadwala chonchi amatha kudzivulaza iye ndi mwana yemwe. Kupitiriza kunalinso kosatheka. Tinagwirizana zochepetsa pang'onopang'ono, kwinaku tikuyambitsa ena otchedwa halopelidolo, amene sadziwika ndi vuto la msana. Milungu imeneyo piritsi lililonse lakale limene Lusungu ankameza ndinkalimva kukhosi kwanga.

Vitumbiko titamufotokozera anavula chipewa n'kumachipinda m'manja. "Alamu, mbwenu mwanayo walumala kale?"

"Sitikudziwa," ndinamuyankha. "Ana ambiri amabadwa bwinobwino. Ena ayi. Tidikira."

Sabata isanathe, dzuwa litangokwera, Vitumbiko anaimba foni. Anati khosi la Lusungu lapotokera kumbali, maso atembenukira kumwamba, lilime latuluka ndipo sakuyankhula. Ndinadziwa chimene chinali. Ndinauza adokotala, anandipatsa jakisoni, ndinakwera njinga yamoto. Msewu wonse wa ku Luwawa, m'mitengo ya paini ija, ndinkangoganiza chinthu chimodzi: kukokana kumeneku kukafika pammero munthu amalephera kupuma.

Ndinapeza azimayi atadzaza pakhonde. Lusungu anali pamphasa, mutu utapindikira paphewa, misozi ikutsikira m'khutu. Apongozi ake, aNyaMoyo, mayi wamfupi wa mawu ochepa amene munakumana nawo pa ukwati, anali atatuma kale munthu kukaitana oimba ng'oma.

"Ni vimbuza ivi," anandiuza. "Mizimu yamukwera. Ife tikudziwa."

Ndinagwira chipumi cha Lusungu. Sichinali chotentha, ndipo ndinathokoza Mulungu chamumtima, chifukwa thupi likauma chonchi limodzi ndi kutentha ndiye kuti ndi matenda ena oopsa kwambiri. Mpweya unkalowa ndi kutuluka. Ndinagwada pamaso pa aNyaMoyo.

"Amama, ndapota, mundipatse kanthawi kochepa. Zikakanika, ng'omazo ziimbidwe, sindiletsa."

ANyaMoyo anakhala pansi n'kuika mutu wa Lusungu pamiyendo pawo. Ndinabaya. Tinadikira, pakhonde pali zii, kupatula nkhuku. Pang'onopang'ono maso anatsika, lilime linabwerera, khosi linamasuka ngati chingwe chimene achilekerera. Mawu ake oyamba anali akuti, "Ndimamva zonse, achemwali. Ndimayesa ndikufa ndi mwana."

Azimayi atabalalika, aNyaMoyo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. "Ngati jakisoni wanu wachotsa, ndiye kuti mankhwala anu ndiwo anabweretsa?"

Ndinavomera. Ndinawafotokozera kuti mu ubongo muli kamthenga kena kotchedwa dopamini, kamene kamachuluka mphamvu maganizo akamathamanga, ndipo mankhwala atsopanowo amakatsekera khomo. Vuto n'lakuti kamthenga komweko ndi kamene kamathandiza minofu kuyenda momasuka, ndiye khomo likatsekeka kwambiri minofu imakokana.

"Nanga mukumupatsiranji mankhwala otero munthu wabwinobwino?" anafunsa.

Apa ndinazindikira kuti sankadziwa kalikonse. Vitumbiko anangowauza kuti mkazi wake amadwaladwala mutu. Ndinabwerera kwa Lusungu kukamupempha chilolezo, iye n'kugwedeza mutu, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira ku sekondale mpaka za msana wa mwana. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati, "Mukanatiuza kale. Ine ndinali m'gulu la omufunsa za mwana." Anatembenuka n'kupita osatsanzika, ndipo ndinabwerera ku tauni ndikuopa kuti ukwati wa Lusungu ndauthetsa ndi pakamwa panga.

Adokotala anasintha mankhwalawo n'kumuika pa ena ogonetsa kwambiri. Lusungu ananenepa, masaya anatuluka ngati anu, ndipo tinkamuyeza shuga pafupipafupi. Maganizo ake anakhala m'malo miyezi yonseyo. Mimba itafika pakati tinakamuunika. Pagalasi paja msana wa mwana unkaoneka ngati mzere wa njere pachitsononkho, ndipo wounikayo anati ukuoneka wotsekeka, koma kabowo kakang'ono kamatha kubisala. Ndinayamba kudana ndi zimene ndimadziwa, Amayi. Anzanga ku sikelo ankangoona mayi wonenepa bwino. Ine ndikaona mwana wa msana wotupa ku wodi ya ana ndinkatuluka panja kukapuma.

Anabereka m'nyengo ya chisanu, masana. Ndinali pomwepo. Mwana atangolira, azamba anamukweza kuti tione kuti ndi wamkazi, koma ine nkhope yake sindinaiyang'ane n'komwe. Ndinamutembenuza n'kuyendetsa chala kuchokera pankhongo mpaka kumatako. Khungu losalala, lopanda bowo, lopanda chotupa. Ndinabwereza. Kenako ndinaona mlomo, m'kamwa, zala, miyendo ikupalasa. Azamba anandiuza kuti ndikhale pansi chifukwa ndinkanjenjemera kuposa wobereka. Kwa abambo ake anamutcha Tawonga.

Ndikanakonda kalata ino ikanathera pamenepa. Koma milungu yoyamba mayi atabereka ndi imene timaiopa kwambiri kwa anthu a matenda a Lusungu. Thupi limasintha mwadzidzidzi mimba ikachoka, mwana amadula tulo, ndipo kwa iye tulo ndi theka la mankhwala. Ndinapempha kuti akhale kwanga mwezi woyamba, koma akuchimuna anati mwana woyamba ayenera kukatulukira kwawo. Ndinauza Vitumbiko zizindikiro zoti aziyang'anira, n'kuwalola kupita.

Amene anaona si Vitumbiko. Sabata yachiwiri foni yake inaimba, koma mawu anali a aNyaMoyo, amene anali asanandiyankhulepo chichokere kuseri kwa nkhokwe kuja.

"ANesi, bwerani. Lusungu wayamba kuyowoya chomene, pakamwa sipakutsekeka. Wachapa zovala za nyumba yonse, ndi zoyera zomwe."

Nditafika anandiuza zina zimene sanafune kunena pafoni. M'mawa umenewo Lusungu anatenga khanda osalifunditsa, m'chisanu cha ku Luwawa chija, n'kuyamba kutsika njira ya kudamu lalikulu la kumeneko, akuti akukalionetsa kwa anthu onse kuti adziwe kuti iye si wosabereka. ANyaMoyo sanakuwe, sanamugwire. Anatenga shawelo n'kumamutsatira pambuyo, akumuyankha zonse zimene ankanena, mpaka anamuuza kuti mwana sangaonekere kwa anthu asanasambe. Lusungu anavomera n'kubwerera. Ine ndinkaona madzi a damu lija m'maso mwanga, ndipo ndimawaonabe.

Lusungu ndinamupeza pakhonde, maso akuwala monga kale lija. Anandilandira ndi chisangalalo chachikulu, mawu akugundana, akuti mwanayu wamupatsa mayina ena asanu, akuti tulo ndi ta anthu aulesi. Mapiritsi anali atadumphako masiku angapo chifukwa ankamulemetsa, samamva mwana akalira. Sindinamukalipire. Mayi aliyense akanaopa zomwezo.

Tili pomwepo anafika abambo aakulu a Vitumbiko, mkulu wa malemu bambo ake, amene amayendetsa nkhani za pabanjapo. Anakhala pampando, anapereka moni bwinobwino, n'kuyankhula mofatsa.

"Tamva zonse. Ife sitikudana ndi munthu. Wodwala apite kwao akachire, achibale ake ndi a chipatala. Koma mwana ndi wathu, ng'ombe zinapita. Mwana atsala pano."

Lusungu anasiya kuyankhula. Anafinya khanda pachifuwa mpaka linalira, maso ake akuyang'ana njira. Ndinadziwa kuti akadzuka n'kuthamanga palibe angamugwire popanda kuvulaza mwana. Ndinayang'ana Vitumbiko, koma iye anali atazyolika, akukanda pansi ndi kamtengo. Ndinafuna kuyankhula, koma ndinali mlendo pakhomo pa eni, ndiponso mkuluyo sanalakwe zonse: m'mawa womwewo mwanayo anali panjira ya kudamu. Sindinakhalepo ndi mantha otero, ngakhale tsiku limene munatisiya.

ANyaMoyo anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anatuluka atamanga kamtolo ka zovala m'chitenje, n'kukaika pansi pamaso pa mkuluyo.

"Mwana ndi wanu nadi, alamu," anatero. "Kweni bere muli nalo?"

ANyaMoyo anapitiriza.

"Mbwenu ine ndikupita nawo ku boma. Kumene kuli mayi, mwana ali komweko, ndi ine komweko. Mdzukulu wanga ndimuyang'anira ndi maso anga." Kenako anatembenukira kwa Lusungu. "Bwera naye kuno mwana ndimubereke, iwe unyamule chikwama."

Lusungu anawayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kupereka mwanayo. Vitumbiko anadzuka kukafuna galimoto ya matabwa yopita ku tauni.

Ndiye panopa nyumba yanga yadzaza. Wezi wasamukira pabalaza. Adokotala anamuona Lusungu tsiku lomwelo n'kuwonjezera mankhwala, ndipo anati poti pakhomo pali namwino ndi womuyang'anira wina tiyese kaye kunyumba, koma zikasintha pang'ono pokha agonekedwe. Mankhwala amene akumwawa amalola kuyamwitsa, tikungoyang'anira kuti khanda lisamagone mopitirira. ANyaMoyo amagona ndi Tawonga, amapita naye kwa mayi ake nthawi yoyamwa yokha, ndipo samusiya yekha ndi mwana ngakhale popita kubafa. Chichewa chawo ndi Chitumbuka changa zimakumana pakati. Adziwa kale nthawi ya mapiritsi, ndipo amaima pomwepo mpaka aone kuti amezedwa. Amandikumbutsa inu, ngakhale tiyi wawo ndi wa shuga wambiri.

Lusungu sanachire. Mawu akadali othamanga, ndipo dzana anafuna kupita kumsika kukagulira ana onse a m'dera lino mabuku. Koma wayamba kugona, ndipo dzulo masana anakhala phee pakhonde, akuyang'ana mwana ali m'manja mwa apongozi ake. Anandiitana ndi mawu ake enieni, aja apansipansi.

"Achemwali, mwana wanga ndinamuwononga?"

Ndinafuna kunena kuti ayi. Koma ndinamuuza zoona, kuti msana uli bwino, mtima uli bwino, akuyamwa bwino, ndipo za nzeru zake palibe makina angatiuze lero. Tidzaziona akamakula, akamakhala, akamayenda, akamayankhula. Ndinamuuzanso kuti ngati padzakhale vuto, kuliona msanga kumathandiza, ndipo iye sanamwe mapiritsi aja kuti avulaze munthu, ankamwa kuti akhale moyo.

Iye anati, "Mukadzaona china chake musadzandibisire. Ndidzapirira. Chimene sindingapirire n'kumva kwa anthu kuti mwana wanga akukula kwina."

Kumapeto kwa mwezi uno akuluakulu a kuchimuna aitanitsa bwalo la pabanja. Abambo aakulu aja sanasinthe maganizo, ndipo Vitumbiko, ngakhale amabwera Loweruka lililonse ndi mbatata ndi sopo, sindikudziwa ngati adzatsegule pakamwa pamaso pawo. Amalume avomera kundiperekeza. ANyaMoyo akuti adzayankhula, koma ndi mkazi wamasiye pamudzi wa eni ake, ndipo mawu awo ali ndi polekezera. Ndikuopa, Amayi. Ndikuopa bwalolo, ndikuopa kuti matenda angakule tisanafikeko, ndipo ndikamuyang'ana Tawonga m'maso ndimafunafuna zinthu zimene khanda la milungu yochepa silingandionetse. Ku ntchito ndimauza anthu kuti alimbe mtima, ndikafika pakhomo ndimayamba ndaima kaye pageti kumvetsera ngati m'nyumba muli bata.

Pumulani, musade nkhawa ndi zimene simungathe kunyamula kumeneko. Zatsala m'manja mwanga ndi mwa mayi wamfupi uja wa ku Luwawa. Kubwaloko ndidzapita, ndidzagwada pofunika kugwada, koma sindidzachokako ndisananene zonse. Ndipo ndikukulonjezani kuti tsiku limene Tawonga adzatchule mawu ake oyamba, kaya msanga kaya mochedwa, mayi ake adzakhala pomwepo kuwamva.

Ndimakukondani monga kale.

Ine mwana wanu,
Tiwonge